Likongwe ndi Zigoba Zoba Mawu

Padangokhala, ndipo amene muli maso vomerani kuti tili tonse.

Panali nkhwali ina dzina lake Nachisale, amene tulo tinamuthawa. Mwana wake wotsala yekha, Ndaziona, anali atagona pansi pa phiko, koma mayiyo maso anali gwa. Sankaopa mphamba, sankaopa njoka. Ankaopa mawu ake omwe, aja ankaitanira ana kuti adzadye. Mawuwo anali atamudyera kale ana anayi, ndipo bwalo la milandu linali litamuuza kuti palibe wolakwa. Kuti mumve bwino, tibwerere pamene zinayambira.

Mwamuna wa Nachisale anakodwa mumsampha mazira asanaswe, choncho ana asanu aja ankawalera yekha. Anawaphunzitsa mwambo wa nkhwali zonse: mayi akaitana, mwana safunsa, amangothamanga. Mwambowu ndi umene unkapulumutsa anapiye kwa mphamba kuyambira kalekale. Komabe akapita kukapalasa chakudya, mtima unkatsala kuchisa.

Tsiku lina kunafika Likongwe atasenza thumba la zigoba za nkhono.

"Mwaswera bwanji, mlamu?"

"Mlamu wanu ndani? Inu a Likongwe mumadya mazira."

"Zakale zimenezo, ndinasiya. Pano ndili pa geni. Taonani ichi. Mukachipachika pachisa chimamva, ndipo chimayankha."

Nachisale anachizungulira chigobacho n'kuona kaulusi ka kangaude katamangidwa kumapeto kwake.

"Kaulusika kakupita kuti?"

"Kakulumikiza chigoba chanu ndi cha a Nkhanga, ndi cha a Njiwa, ndi zonse za m'dera lino. Kenako ulusi wonse umawoloka mtsinje kukalowa mu Mtsuko. Mtsukowo umamvetsera n'kumaphunzira. Lero ukudziwa pang'ono, mawa udziwa zambiri."

"Mumtsukomo muli ndani?"

"Mulibe aliyense, mlamu. Muli nzeru basi."

"Nanga mtengo wake?"

"Ulere."

"Ulere wa a Likongwe? Nyamulani muzipita."

Koma masana omwewo chigoba cha kwa Nkhanga, mnansi wake, chinakuwa kuti, "Mphamba! Bisalani!" Ana a Nkhanga analowa m'udzu, mphamba anabwerera ndi zikhadabo zokha. Nachisale anayang'ana ana ake asanu, anayang'ana kumwamba, ndipo mawa lake chigoba chinapachikidwa pachisa pake.

Tisaname, chigobacho chinkathandiza. Chinkanena chulu chimene chitulutse ngumbi. Chinkachenjeza za mphamba asanaoneke. Mayi akachoka, chinkaimbira ana nyimbo yofewa ngati ya mlezi. Nyimboyo inkauza wogona kuti agone ndithu pakuti alipo wina amene sagona, ndipo inkati ulusi ndi wautali, palibe chifukwa chofunsira kumene ukuthera. Anapiye ankavomera motsitsa mpaka tulo. Likongwe naye ankaiimba ndi likhweru akamadutsa, mchira uli m'mwamba.

Ndiye tsiku lina Nachisale pobwera kopalasa anapeza ana atatu okha.

"Anzanu ali kuti?"

"Munawaitana ndinu, amayi," anatero Ndaziona, wamng'ono pa onse. "Mumaitanira uko. Ife tinachedwa, mawu anasiya tisanafike."

"Ine sindinaitane."

"Anali mawu anu, amayi. Aja mumati tibwere tidzadye chiswe."

Nachisale anatsata timapazi ta ana ake. Tinakathera pa chigoba china chimene chinagonekedwa m'udzu, ndipo patsogolo pang'ono, pakhomo pa una wa Likongwe, panali nthenga ziwiri zanthete. Anabwerera, anagwetsa chigoba chake n'kuchiswa pamwala, kenako analunjika kubwalo.

Wapampando wa bwalo anali Olemekezeka a Nang'omba, amenenso ankatsogolera komiti yopanga malamulo. Pambali pawo pankakhala a Bilimankhwe, mkulu woyendera katundu wa amalonda.

"Anaitana anawo ndani?" anafunsa a Nang'omba ndi mawu awo ogunda ngati ng'oma.

"Mawu anga, Olemekezeka, koma osati ine."

Bwalo linaseka. Likongwe anaimirira akupukuta ndevu.

"Olemekezeka, ndiloleni ndiyese kulira ngati nkhwali." Anatukula khosi n'kutulutsa kaphokoso konga ka mbewa yopondedwa. Bwalo linasekanso. "Mwamva nokha. Ine ndimangogawa zigoba. Chimalankhula ndi chigoba."

"Ndiye tizenge chigoba," anatero a Nang'omba.

"Chigoba ndi khutu ndi pakamwa chabe. Woganiza ndi Mtsuko."

"Itanani Mtsukowo."

"Ulibe miyendo, Olemekezeka. Komanso uli kutsidya, kumene lamulo lanu silinanyowetseko phazi."

A Nang'omba anakanda khosi lawo lofiira. Mwambo wa bwalo unali woti mlandu sauzenga mwini wake palibe, ndipo mwini wa mlanduwu sankakhala pansi, sankayankha mafunso, sankawoloka mtsinje.

"Nanga nthenga za ana anga pakhomo panu?" anafunsa Nachisale.

"Mphepo ya mwezi uno, mlamu. Ndizisesa kangati?"

Bwalo linagamula kuti a Bilimankhwe atsate ulusi kuti akauone Mtsuko ndi maso, ndipo komiti ikhale pansi ipange lamulo. A Bilimankhwe ananyamula mwendo umodzi, anauganizira, anaubweza, anaunyamulanso. Likongwe anatuluka akuimba nyimbo ija ndi likhweru, ya wogona agone, ndipo ena mwa omvera mlandu ankagwedeza mitu motsatira, pakuti ankaidziwa kuchokera kuzisa zawo.

Komiti inakhala, inadya, inakhalanso. Mwezi unaoneka mpaka unafa. Pamapeto pake lamulo linalengezedwa: chigoba cha nkhono chisapezeke pachisa cha mbalame iliyonse.

Koma tsiku lolengezalo, Likongwe anali atazungulira kale dera lonse kutolera yekha zigoba za nkhono, n'kumasiya zigoba za maye zoboola, chilichonse ndi kaulusi kake. Anadziwa bwanji zimene komiti inakonza? M'chipinda chimene akuluakuluwo ankakumana munapachikidwa chigoba, choti chiziwakumbutsa nthawi ya nkhomaliro.

"Dzaye lanu ili, mlamu. Limamva bwino kuposa chija."

"Chokani pakhomo panga."

"Mwakwiya? Chabwino. Dzaye silikakamiza."

Nachisale anapita kwa Nkhanga kukamupempha kuti ataye lake.

"Mnzanga, chinthuchi chandidyera ana. Chichotseni, tili moyandikana."

"Pepani make Ndaziona, ndamva chisoni. Koma ndikataya, za mphamba ndizidziwa bwanji? Khosi langa linaiwala kuyang'ana kumwamba. Ndipo ana anga sagona popanda nyimbo ija."

Nachisale analibe chigoba, analibe dzaye, koma mawu ake anali kale mu Mtsuko. Masana ena ali pachulu, anamva patali mawu a nkhwali ikuitana ana, n'kuganiza kuti mayi ameneyu akuitana mokoma. Kenako anazindikira kuti akudzimva yekha. Anauluka, koma anapeza ana awiri.

Anabwereranso kubwalo.

"A Likongwe, mwaphwanya lamulo," anatero a Nang'omba.

"Liti, Olemekezeka? Tawerengani."

Analiwerenga.

"Lanena nkhono. Ili ndi dzaye. Kodi dzaye limakwawa? Lili ndi nyanga?"

"Koma ntchito yake ndi imodzimodzi!" anakuwa Nachisale.

"Mayi, m'bwalo sitikuwa," anatero a Nang'omba. "Lamulo limagwira chimene lachitchula."

"Ndipo akulu anati tizinena chatsitsa dzaye," anawonjezera Likongwe. "Anayamba kupachika chigoba pachisa ndani, ine kapena mlamu wangayu? Ndinamugwira phiko? Mayi wosamala akanafunsa kaye kumene ulusi ukupita."

"Ndinafunsa!"

"Ndipo ndinakuyankhani. Munapachikabe."

Zinali zoona, ndipo choonadi chimenecho chinkamuluma Nachisale kuposa bodza. Anangoti, "Sindinakupatseni mawu anga. Munangotenga."

A Nang'omba anati mfundo imeneyo ndi yomveka, komiti iiona. Wina anafunsa za a Bilimankhwe, ndipo kunamveka kuti adutsa kale pachulu choyamba, ulendo ukuyenda bwino. Likongwe anatuluka ndi nyimbo yake. Ulendo uno anaifulumizitsa ngati ya pa chinkhoswe, ndipo pa gawo lija loti palibe chifukwa chofunsira kumene ulusi ukuthera, anatembenuka n'kuweramira bwalo.

Komiti inakhalanso, inadyanso. Ulendo uno inachenjera. Lamulo lachiwiri linati chinthu chilichonse, kaya nkhono, kaya dzaye, kaya chikho, kaya china chimene sichinaumbidwe, chisatenge kapena kugwiritsa ntchito mawu a mbalame mwini wake asanalole. Mbalame zinaomba mapiko. Ngakhale Nachisale anapumako pang'ono.

M'mawa wotsatira ali pachisa anamva mawu aulemu, onga a mlendo wotopa ndi ulendo.

"Odi! Odi kuno!"

Tsono kwa mbalame za kumeneko, kusayankha odi chinali chinthu chochititsa manyazi mtundu wonse. Wosayankha odi ankamunena kuti ndi mfiti kapena womana. Nachisale analeredwa bwino, ndipo pakamwa panayankha mutu usanaganize.

"Fikani, lowani!"

Sipanalowe aliyense. Anasuzumira, kunali zii. Patali anamva odi wina kwa Nkhanga, wina kwa Njiwa, ndipo paliponse mbalame zinkayankha mwaulemu kuti lowani.

Kuyambira pamenepo Nachisale anasiya kupita kutali. Ankapalasa pafupi, diso limodzi lili pa ana awiri otsalawo. Koma pafupi chakudya chinatha, ana anayamba kuwonda, ndipo tsiku lina anati angofika pachulu n'kubwerera. Ali m'njira mtima unamugunda, anabwerera asanafike. Anaona ndi maso ake: Likongwe atabisala kuseri kwa chitsa, dzaye lili m'manja, mawu a Nachisale akutuluka mokoma, ndipo ana ake awiri akuthamangira komweko timapiko tili m'mwamba.

"Bwererani! Si ine!" anakuwa.

Ana anaima, amayi awo akuitana mbali ziwiri. Ndaziona anatembenuka n'kuona mayi ake. Mkulu wake anali atafika kale pachitsa.

Kachitatu Nachisale anaima pabwalo, Ndaziona ali pansi pa phiko.

"Ndamuona ndi maso anga, Olemekezeka. Ndipo mawu anga sindinamulole."

"A Likongwe?"

"Za kulola tiyambe nazo. Mlamu, m'mawa uja lamulo litangotuluka, munamva odi?"

"Ndinamva."

"Munayankha chiyani?"

Likongwe sanadikire yankho.

"Ndikuthandizeni." Likongwe anagogoda dzaye ndi chikhadabo, ndipo mawu a Nachisale anamveka bwalo lonse akuti fikani, lowani. "Mtsuko unaodira ngati mlendo wamwambo. Mwini khomo anati lowani. Kodi mlendo wouzidwa kuti alowe ndi wakuba? Amene sanayankhe odi m'mawa umenewo aimike phiko."

Palibe anaimika. Ndani akanavomera pagulu kuti ndi wopanda mwambo?

"Ndinkayesa ndi mlendo wofuna madzi!" anatero Nachisale.

"Lamulo lati mwini alole. Silinati adziwe chimene akulola."

Koma tsiku limenelo a Nang'omba anayang'ana kamwana konjenjemera pansi pa phiko la mayi ake, ndipo khosi lawo linafufuma ndi mkwiyo.

"Zakwana, a Likongwe. Mawu ndi mawu, koma mayiyu wakuonani mutagwira mwana. Pamenepa palibe Mtsuko, palibe kutsidya. Mwini mlandu ndinu, ndipo mwakhala pompano. Bwalo lino likugamula kuti..."

Likongwe anagogoda dzaye kawiri.

"Mlandu watha! Umboni ndi wosakwanira. A Likongwe alibe mlandu. Balalikani!"

Anali mawu a Nang'omba enieni, ogunda ngati ng'oma, koma mlomo wa a Nang'omba unali wotseka. Akumbuyo sanaone zimenezo. Anaimirira n'kuyamba kubalalika, pakuti wapampando akalankhula safunsidwa kawiri. A Nang'omba anatsegula mlomo kuti akane, koma Likongwe anali atafika kale pakhutu pawo.

"Olemekezeka, dzaye la kuchipinda kwanu limamva bwino kwambiri. Likudziwa zimene mumanena za anzanu a mu komiti. Likudziwanso amene amabwera kudzacheza mayi akunyumba akapita kumaliro. Ndiligogode katatu?"

A Nang'omba anatseka mlomo. Anayang'ana Nachisale, anayang'ana pansi.

"Mwamva chigamulo, mayi," anatero motsitsa.

"Sanalankhule ndinu, Olemekezeka. Ndinali pafupi, ndaona."

"Mwamva chigamulo."

Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe kunalengezedwa kuti, poti nkhani ya mawu ndi yovuta ndipo akuidziwa bwino ndi mmodzi yekha, a Likongwe asankhidwa kukhala mlangizi wa komiti pa chitetezo cha mawu. Iwo analonjeza kugawa tizikho tating'ono tothandiza kusiyanitsa mawu enieni ndi abodza, taulere. Nato tinali ndi kaulusi kumapeto. Za a Bilimankhwe kunamveka kuti afika pagombe la mtsinje, aona kuti madzi ndi ambiri, ndipo asintha mtundu kuti aganize bwino.

Likongwe anadutsa pafupi ndi chisa cha Nachisale akuimba nyimbo ija pang'onopang'ono, ngati mlezi weniweni, ya wogona agone pakuti alipo wina amene sagona.

"Kamwanako kakukula bwino, mlamu," anatero. "Muzikadyetsa."

Apa ndi pamene tinayambira, Nachisale ali maso, Ndaziona ali pansi pa phiko. Anaganiza zosamuka, koma ulusi unali utafika kulikonse kumene nkhwali ingafike. Anaganiza zosintha kaitanidwe, koma dzaye la kwa Nkhanga likanamva, ndipo Mtsuko ukanaphunzira tsiku lomwelo. Anaganiza zongokhala chete moyo wake wonse, koma Mtsuko unali nawo kale mawu okwanira. Anaganiza za lamulo lachitatu, n'kuwerengera kuti likamadzatuluka adzakhala alibe mwana woti limuteteze. Chinatsala chinthu chimodzi chokha chimene Likongwe ankadalira, ndipo chinthucho anachiika mwa mwanayo ndi Nachisale mwini wake.

Kutacha anadzutsa Ndaziona.

"Khala pano. Ndikubwera."

Anazungulira kuseri kwa chitsamba n'kuitana, kuitana kuja kwa bwera udzadye chiswe. Ndaziona anathamanga timapiko tili m'mwamba.

"Amayi!"

Nachisale anamujompha pamutu, go! Mwana anagwa chagada.

"Unandiona?"

"Ayi, ndinamva mawu anu."

"Usadzabwerenso usanandione ndi maso."

"Koma munati mayi akaitana mwana safunsa."

"Zinali zoona kale. Bwerera."

Mwana anabwerera akulira. Nachisale anabisala kwina n'kuitananso, mokoma kuposa poyamba. Ndaziona anadikira pang'ono, koma miyendo inamupereka, anathamanga. Go! Anamujomphanso.

"Amayi, ndalakwa chiyani?"

"Wandimvera. Bwerera."

Nkhanga anasuzumira ali pachisa pake. "Make Ndaziona, mwapenga? Mwana mmodzi yemweyo?"

Nachisale anapitiriza. Anaitana, mwana anabwera, anamujompha. Anaitana, mwana anayenda theka la njira n'kuima. Dzuwa linakwera. Pamapeto pake anabisala patali n'kulira kulira kumene sanalirepo, kwa nkhwali yokodwa mumsampha.

"Ndaziona, mwana wanga, ndakodwa! Bwera undithandize! Ndikufa, Ndaziona!"

Anadikira. Udzu sunagwedezeke. Analiranso mpaka mawu anasasa. Kunali zii.

Anatuluka n'kuyenda poyera kuti aoneke. Anamupeza Ndaziona atadziphwatika pansi, maso atatseka, kadontho ka magazi kali pamutu. Mwanayo anatsegula diso limodzi, anayang'ana mayi ake kuyambira kumapazi mpaka kumlomo, ndipo pamenepo ndi pamene anasuntha.

"Wakhoza," anatero Nachisale, n'kumufungatira.

"Amayi, nanga tsiku lina mukadzakodwadi?"

Nachisale anapukuta magazi aja ndi mlomo womwe unawatulutsa.

"Usadzabwere."

Nthano yathera pamenepa. Mbatata ija musavutike kukaphula, inapserera akuluakulu akadali pamsonkhano.